Tsiku la Kamuzu linatidyera tsiku lathu

Chaka chilichonse mwezi wa May ukafika, mkangano umabuka tikakumana kuno ku Mangalande: kodi Kamuzu anali ngwazi kapena wankhanza? Ine mkangano umenewu ndatopa nawo, abale anga, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi umboni. Amene amamutamanda amaloza Kamuzu Central Hospital, Yunivesite ya Malawi ndi likulu la Lilongwe. Sakunama. Amene amamudzudzula nawonso sakunama.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera nyali m'malo mwa tambala wakuda, ndipo ulamuliro wa chipani chimodzi unathera pomwepo. Ndinali mtsikana wa kupulayimale. Ndimakumbukira mayi anga, omwe zaka zonse ankavinira Ngwazi atavala nsalu ya nkhope yake, akubwera kovota ali phee, kenako n'kuyamba kuseka okha kukhitchini. Boma la a Muluzi linachotsa tchuthi cha 14 May n'kuika 14 June kukhala Tsiku la Ufulu. Boma la a Bingu wa Mutharika, lomwe linatsegulanso chiliza cha Kamuzu ku Lilongwe mu 2006, linabwezeretsa 14 May, ndipo 14 June inangozimirira pa kalendala. Tsiku la anthu wamba linaperekedwa kwa munthu mmodzi, pa deti lomwe ngakhale olemba mbiri amakayika ngati ndi lobadwadi iyeyo.

Ndiye taonani mmene mwambowo umayendera: nkhata za maluwa, mapemphero, andale kulimbirana kuti wolowa m'malo mwa Ngwazi weniweni ndani. Patangopita masiku anayi, pa 18 May, limakwana tsiku lomwe a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Thambani, m'boma la Mwanza, mu 1983, mtundu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Khoti linamupeza Kamuzu wosalakwa pa mlanduwo mu 1995, inde, koma anthuwo anaphedwa boma lili m'manja mwake. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Pamwambo wa boma mayina amenewa samveka kawirikawiri.

Ku ntchito kwathu, namwino wophimba chilonda asanachitsuke timamudzudzula, ngakhale bandejiyo akhale yoyera bwanji. Tchuthichi chikuchita zomwezo. Ndipo mwini wakeyo anapepesa kwa mtundu mu January 1996. Ife omukumbukira ndi amene tikuopa kutchula zomwe ankapepesazo.

Sindikunena kuti tigwetse chiliza. Chikhale, ana asukulu azipitako. Koma ngati kalendala ili ndi malo a tchuthi chimodzi chokha pakati pa awiriwa, ine ndisankha 14 June. Mwana wanga wobadwira kuno amadziwa dzina la Kamuzu, koma za nyali ndinachita kumufotokozera ndekha.