Mowa wa m'Citini

Kuyambira caka ca 1880 munthu wa ku Britain wofuna kufulula mowa m'nyumba mwace anayenera kugula laisensi kwa Boma. Lamulo limeneli linacotsedwa mu 1963 ndi Reginald Maudling, nduna yosunga cuma, ndipo caka comweco C. J. J. Berry anaturutsa buku lace lochedwa Home Brewed Beers and Stouts. Pomwepo amuna ambiri anayamba kufulula mowa wakumwa okha, monga nchito yokondweretsa mtima pa tsiku Loweruka.

Mafululidwe amene anawanda ndi awa. Munthu agula citini ca madzi a cimera ca barele, ophikidwa kale mpaka kulimba ngati uci. Awasungunula m'madzi otentha, athira shuga, aonjeza madzi ozizira kufikira magaloni asanu, nawaza yisiti wa m'kapepala. Patapita sabata limodzi kapena awiri atsanulira m'mabotolo. Mowa uturuka ndithu, ndipo uledzeretsa. Koma kodi mwini waceyo wafulula ciani?

Mai ali yense wofulula mowa ku Katete kapena ku Petauke adziwa kuti mutu wa nchito ndiwo cimera. Iye aviika mawere, awafundika, nayang'anira tsiku ndi tsiku kufikira atamera. Akafulumira kuyanika, cimera cikhala copanda mphamvu. Akacedwa, cicita nkhungu. Cimera ndico cisandutsa ufa wa m'phala kukhala zotsekemera, ndipo zotsekemerazo ndizo ziwira kukhala mowa. Mwini citini wagula nchito yonseyi itatha kale ku fakitale. Afanana ndi mnyamata wogula mpando wopalapala, amene akhoma misomali inai nadzicha mmisiri. Ndiponso shuga wocuruka uja apatsa mowa ukali wa kumutu, koma pakamwa ungomveka madzimadzi.

Komabe sikuyenera kuwaseka onse. Mu 1974 Dave Line analemba The Big Book of Brewing, m'mene anaphunzitsa anzace kusiya citini ndi kuviika okha cimera cosinja m'madzi ofunda bwino, pafupi madigiri 65. Otsata njira iyi ndi ofulula enieni, ngakhale cimeraco acigulabe ku sitoro.

Pali cinthu cimodzi cimene anthu amenewa apambana naco mai wa kumudzi: iwo alemba. Ayesa kufunda kwa madzi, ayesa shuga ndi kagalasi koyandama, atsuka ziwiya ndi mankhwala, nalemba zonse m'kabuku. Mowa ukasasa, atsegula kabukuko napeza pamene panalakwika. Nzeru ya mai uja iri m'cala ndi pa lilime. Wace ukasasa, anthu angoti wina wotentha anafika pa mbiya. Nzeru yotere ilowa mwa mwana pokhapokha akakhala pafupi ndi moto masiku onse a kufulula, ndipo ana ambiri anacoka kunka ku sukulu ndi ku tauni.

Ku tauniko nzeruyo siinalandiridwe bwino. M'masiku a Northern Rhodesia apolisi ankalowa m'makomboni a ku Lusaka ndi ku migodi, nataya mowa wa amai ndi kuwalipiritsa, kuti anthu azikagula ku biyaholo ya eni tauni. Amai amenewo anali ndi luso loposa la mwini citini, koma sanapatsidwe Maudling wao, ngakhale Berry wowalembera buku.