Kusamangidwanso si kuchira: kuunika kafukufuku wa LEAD ku Seattle

Mu 2011 mzinda wa Seattle ku America udayambitsa ndondomeko yotchedwa LEAD. Munthu akapezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ochepa, apolisi ankatha kumupereka kwa mlangizi m'malo momutengera kukhothi. Mlangiziyo ankamuthandiza kupeza pogona, chithandizo cha kuchipatala komanso ntchito, popanda kumulamula kuti ayambe wasiya mankhwalawo.

Mu 2017 Susan Collins ndi anzake a ku University of Washington adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Adayerekeza anthu 203 a mu LEAD ndi ena 115 omwe milandu yawo idayenda mwa nthawi zonse. Mpata woti a mu LEAD amangidwenso udapezeka wotsika ndi 58 peresenti. Chiwerengerochi chimatchulidwa kwambiri, koma wazaumoyo achiwerenge mosamala.

Choyamba, magulu awiriwa sadagawidwe mwa maere. Apolisi adali ndi mbali posankha woyenera kulowa, ndipo ena adalowa popanda kumangidwa n'komwe, chifukwa apolisi ankawadziwa kale. Ofufuzawo adayesa kufananitsa maguluwo pogwiritsa ntchito masamu, koma masamu sangakonze zomwe sizidayezedwe, monga kufunitsitsa kwa munthu kusintha moyo wake.

Chachiwiri, kumangidwa sikuonetsa khalidwe la womangidwa yekha. Kumaonetsanso chisankho cha wapolisi. Apolisi, oimira boma pa milandu ndi alangizi ankakumana kawirikawiri kukambirana za anthu a mu LEAD. Wapolisi wodziwa kuti uyu ali ndi mlangizi akhoza kuimba foni m'malo motulutsa unyolo. Zimenezi n'zabwino, koma si umboni woti munthuyo wachira. Lipotili silikutiuza kuti ndi angati adamwalira ndi mankhwala opyola muyezo, kapena kutenga HIV ndi hepatitis C kudzera m'majakisoni obwerekana.

Komabe kafukufukuyu si wotaya, ndipo zomwe zidachitika m'chigawo cha Oregon, m'dziko lomwelo, zikuonetsa pamene pagona mphamvu ya LEAD. Kumeneko lamulo la Measure 110, lomwe anthu adalivotera mu 2020, lidachotsa chilango cha ndende n'kuikapo chindapusa cha madola 100, chomwe chinkakhululukidwa munthu akaimba foni yomuunikira thandizo. Oimba adali ochepa kwambiri, ndalama za chithandizo zidachedwa kufika, ndipo mu 2024 aphungu adaubwezeretsa mlanduwo. Ku Seattle munthu ankapatsidwa mlangizi womulondola, pomwe ku Oregon ankapatsidwa kapepala.

Kuno kwathu kupatutsa milandu kulimo kale m'lamulo la ana la 2010. Akadzati ganizoli lifikenso kwa akuluakulu ogwidwa ndi chamba chochepa, inu azaumoyo mufunse mafunso awiri: womulandira munthuyo tsiku lomwelo ndani, ndipo pakatha chaka tidzayeza chiyani pa thanzi lake kuposa kuwerenga ma fayilo a kupolisi?