Anthu asanu ndi mmodzi, matebulo awiri

Mu February 2008, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Tete mogwirizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba njira yatsopano yoperekera ma ARV. Odwala amene matupi awo anali atayanjana ndi mankhwala ankapanga magulu a anthu osapitirira 6 okhala moyandikana. Mwezi uliwonse mmodzi ankapita kuchipatala kukaonana ndi dokotala n'kutengera anzake onse mankhwala, mwezi wotsatira n'kupita wina. Pofika May 2010, anthu 1,384 anali atalowa m'magulu 291. Boma la Mozambique linafalitsa njirayi m'dziko lonse pa dzina la GAAC, ndipo kenako inafika ku Thyolo ku Malawi.

Kwa wodwala wa ku Moatize kapena ku Changara, phindu lake n'loonekeratu: amakwera minibasi ya chapa kawiri pachaka m'malo mwa mwezi ndi mwezi. Koma kwa wolemba mapulogalamu a pakompyuta, gulu lotereli ndi mutu waukulu. Kaundula wa chipatala amayembekezera kuti amene waima pawindo ndiye mwini mankhwala. Nanga asanu otsala kumudziwo alembedwe kuti anajomba?

Zipatala zambiri za boma ku Mozambique zimasunga mbiri ya odwala HIV m'pulogalamu yomangidwa pa OpenMRS, imene Regenstrief Institute ndi Partners In Health anayambitsa mu 2004. Woilemba amaganiza za wodwala, za ulendo wa kuchipatala, za mankhwala. Koma database ya MySQL imene ili pansi pake sidziwa wodwala. Imangodziwa matebulo, mizere ndi makolamu. Pakati pa pulogalamu ndi database pamaima Hibernate, chida chimene Gavin King anayambitsa mu 2001. Zida za mtunduwu amazitcha ORM, ndipo ntchito yake ili ngati ya womasulira amene amakhala pakati pa dokotala wolankhula Chipwitikizi ndi agogo olankhula Chinyungwe. Mmisiri ndiye amamuuza kuti chinthu chakuti chimakhala m'tebulo yakuti, kiyi wake ndi uyu, ndipo chimalumikizana ndi chinzake motere. Luso lonse lagona m'malangizo amenewa.

Wophunzira kumene amathamangira njira yachidule: amawonjezera kolamu imodzi pa tebulo ya odwala n'kulembamo nambala ya gulu. Zimayenda ndithu, mpaka tsiku limene mayi wina wasamuka kuwoloka Zambezi kukakhala ku Matundo, kapena wapezeka ndi TB n'kubwerera m'manja mwa chipatala kwa kanthawi. Kalaliki akasintha nambala ija, mbiri yakale yafufutika. Lipoti la chaka chatha likatulutsidwanso lero limanena zosiyana ndi zimene linanena kale, ndipo palibe amene angafotokoze chifukwa chake.

Katswiri saigwira n'komwe tebulo ya odwala. Amamanga matebulo awiri atsopano pambali pake. Yoyamba ndi ya gulu: dzina lake, chipatala chake, tsiku limene linayamba, ndi amene amaliyang'anira. Yachiwiri ndi ya umembala, ndipo mzere uliwonse umanena kuti wodwala uyu analowa m'gulu ili tsiku lakuti, anatuluka tsiku lakuti, pa chifukwa chakuti. Munthu akasintha gulu, mzere wakale umatsekedwa ndi deti, watsopano n'kutsegulidwa. Hibernate ili nayo njira yolumikizira odwala ambiri ndi magulu ambiri mwachindunji, tebulo yapakatiyo n'kuibisa kuti isamavutitse wolemba. Katswiri amaikana njira imeneyo mwadala. Iye waona kuti umembala ndi chinthu pachokha, chokhala ndi chiyambi ndi mapeto ake, choncho amaupatsa dzina ndi malo akeake m'pulogalamu. Pamenepa m'pamene ndimamuvulira chipewa. Ndi chifukwa cha tebulo yachiwiriyi kuti funso loti "ndani anali m'gulu pa 31 December?" limayankhika ngakhale patapita zaka.

Taonaninso zimene amakana kuzikhomerera. Malire a anthu 6 sawalemba m'maziko a database, chifukwa ndi lamulo la unduna, ndipo malamulo a unduna amasintha. Amawaika pamene woyang'anira angawasinthe popanda kugumula tebulo. Hibernate imathanso kudzipangira ndi kusintha matebulo yokha. Katswiri amaimana ufulu umenewo. Kusintha kulikonse amakulemba m'chida chotchedwa Liquibase, sitepe ndi sitepe, iliyonse ndi nambala yake, kuti kompyuta ya m'tauni ya Tete ndi ya ku Ulónguè zidutse masitepe omwewo motsatana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pulogalamu ikhoza kuoneka yathanzi pamene muli magulu 10, koma n'kuyamba kukwawa magulu akafika 300, chifukwa Hibernate ikasiyidwa yokha imapita ku database kukafunsa za gulu lililonse palokhapalokha. Katswiri amatsegula ndi kuwerenga SQL imene chidacho chikulemba mseri, n'kuchilamula kuti pa tsamba la mndandanda chitenge magulu ndi mamembala ake pa ulendo umodzi. Namwino sadzamva n'komwe za zimenezi; amangoona kuti mzere wa odwala pakhonde ukuyenda.

Matebulo atsopanowa amatsatira mwambo wa amene anawapeza. Mu OpenMRS mbiri ya wodwala siifufutidwa chisawawa. Mzere wolakwika umaikidwa chizindikiro pa kolamu ya voided, pamodzi ndi amene waukana, tsiku lake ndi chifukwa chake. Mzere uliwonse ulinso ndi uuid, nambala yaitali ya zilembo 36, kuti mbiri za zipatala zosiyana zikasonkhanitsidwa pamodzi, wodwala nambala 45 wa ku Moatize asasanduke wodwala nambala 45 wa ku Tsangano. Pafupi ndi tsiku lobadwa pali kakolamu kotchedwa birthdate_estimated, kovomereza kuti agogo ambiri amangodziwa kuti anabadwa chaka cha dzombe. Mayina ali ndi tebulo yawoyawo, kotero munthu amene ku Dedza analembedwa Mwale koma ku Angónia n'kulembedwa Muale amakhalabe munthu mmodzi. Amene anaika zimenezi anakhalapo pabenchi ya chipatala n'kumvetsera.

Ku Malawi, akatswiri a Baobab Health, ntchito imene Gerry Douglas anayambitsa ku Lilongwe mu 2001, anakumana ndi vuto lomweli logwirizanitsa chida ndi matebulo, koma kuchokera mbali ina. Iwo analemba pulogalamu yawo ya ma ARV mu Ruby on Rails, koma pa matebulo a OpenMRS. Rails imayembekezera tebulo yotchedwa patients yokhala ndi kiyi wotchedwa id, pamene OpenMRS ili ndi patient ndi patient_id. Sanasinthe matebulo kuti akondweretse chida. Anachiuza chidacho dzina lenileni la tebulo ndi la kiyi, timizere tiwiri pa chinthu chilichonse, ndipo mbiri za odwala zinakhalabe m'kalembedwe kamene ena ogwiritsa OpenMRS angakamve.

Achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi ku Tete, ku Zomba kapena ku Chipata, chida mudzachidziwa m'miyezi yochepa, ndipo chidzatha ntchito n'kubwera china. Matebulo ndi amene amakhalitsa. Musanalembe mzere woyamba, pitani kwa kalaliki ndi namwino mukawafunse zimene zimachitika munthu akasamuka, akabwerera, kapena akatuma mnzake.