Mbale yasweka, waiswa ndani? Kuwerenga malipoti a ulumali ndi diso la mlembi

Sabata ino ndaika pambali ndakatulo ndi nkhani zopeka, ndatenga lipoti. Ena mwayamba kale kukwinya nkhope, ndikudziwa. Koma tivomereze: m'dziko muno zolemba zimene zimalipira bwino si ndakatulo ayi, ndi malipoti a mabungwe. Ambiri mwa ife amene usiku timalemba nthano, masana timadyera ganyu ya u-consultant, kumasulira mafunso a kafukufuku, kapena kulemba zokambirana za pamsonkhano. Ndiye ngati cholembedwa chili ndi mfotokozankhani, atengambali ndi munthu amene akuuzidwa nkhaniyo, bwanji tisachiunike monga tichitira ndi buku lina lililonse?

Ndasankha lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, lomwe linatuluka mu Disembala 2022, mutu wake Global report on health equity for persons with disabilities. Ndi chitsime chimene akatswiri olembedwa ganyu pa nkhani za ulumali ndi umoyo amatungapo masiku ano, choncho tikalimvetsa tikhala tamvetsanso ana ake. Lipotili likuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena kuti 16 mwa anthu 100 alionse padziko, ali ndi ulumali waukulu. Likuti ena mwa iwo amamwalira msanga, mpaka zaka 20 nthawi yawo isanakwane poyerekeza ndi anzawo, ndipo matenda monga shuga, sitiroko, mphumu ndi kuvutika maganizo amawagwira mowirikiza kawiri. Kumapeto likupereka njira 40 zoti maboma atsate.

Ziwerengerozi n'zolemera, koma mphamvu ya lipotili ili pena. Likukana kunena kuti imfa zofulumirazi zonse zimachokera m'thupi la munthuyo. Likuti gawo lalikulu limachokera ku zinthu zimene anthu anzake anakonza mokondera, zomwe zikhoza kupewedwa. Kuti Chingerezi chinene mfundo imeneyi chimafunika ndime yonse, pamene Chichewa chathu chimainena ndi mneni mmodzi. Tili ndi kulumala, tilinso ndi kulumaza. Tili ndi kupunduka, tilinso ndi kupundula. Mwana akagwetsa mbale sanena kuti ndaswa, amati yasweka, ndipo mayi aliyense amadziwa chimene kachilembo aka ka -ka kakubisa. Mtsikana woyendera njinga ya olumala akafika pachipatala n'kupeza masitepe asanu, miyendo yake ndi yomweyo imene anachoka nayo kunyumba. Amene wamulumaza mmawa umenewo ndi amene anajambula pulani ya nyumbayo ndi amene anaivomereza. Lipoti la WHO, pamene lachita bwino, likutichotsa pa "yasweka" n'kutifikitsa pa "waiswa".

Tsono vuto langa ndi ana ake aja, malipoti amene amalembedwa kuno kwathu bungwe likapeza thandizo la ndalama. Amatenga ziwerengero za mayi wawo, koma mneni uja amamusiya. Werengani gawo la malangizo kumapeto kwa lipoti lotere, mupeza ziganizo zonse zavala -idwa ndi -edwa. Ogwira ntchito aphunzitsidwe. Zipatala zikonzedwe. Uthenga ufalitsidwe. Aphunzitsidwe ndi ndani? Ndalama zake zichokere m'thumba la khonsolo, la ofesi ya zaumoyo ya pa boma, kapena ku Capital Hill? WHO tikhoza kuikhululukira, pakuti ikulankhula ndi maiko onse nthawi imodzi. Koma munthu amene wayenda maboma atatu, wagona ku Salima, wamwa tiyi ndi akuluakulu a zaumoyo, amadziwa bwino lomwe ofesi imene ikuyenera kuchita chinthu chilichonse. Akabisa wochita sikuti sakumudziwa. Akuopa kuti ganyu ya chaka chamawa ingamudutse. M'nkhani yopeka tikanati mlembi wathawa mkangano, ndipo nkhani yopanda mkangano timaidziwa tonse mmene imagonetsera tulo.

Atengambali nawo ali pa mavuto. Munthu wa ulumali amalowa m'lipoti kudzera m'kabokosi ka m'mbali mwa tsamba, ndi ziganizo ziwiri zodandaula, kenako n'kuzimiririka. Ali ngati tomato wokometsera ndiwo za wina. Sakwiya, saseka, satsutsa wofunsayo, alibe nzeru yakeyake ya mmene vuto lingathere. Chonsecho zimene akanakamba zikanadzaza buku. Taganizani za mayi wosamva amene wapita ku sikelo ya amayi oyembekezera. Namwino sadziwa chinenero chamanja, ndiye womasulira ndi apongozi ake amene amuperekeza. Zotsatira za magazi, kuphatikizapo za HIV, zikudutsa kaye m'makutu mwa apongozi zisanafike kwa mwini wake. Lipoti lidzalemba kuti pali zovuta pa kulumikizana. Zoona, koma ukwati umene wagwedezeka masana amenewo uli pati m'mawu amenewo? Kapena bambo wosaona amene walandira timapepala titatu ta mankhwala tofanana kukhudza kwake, malangizo ake ojambulidwa ndi cholembera. Kapena uja amene kondakitala wamulipiritsa mipando iwiri, wina wa iye, wina wa njinga yake, asanafike n'komwe pamzere. Mlembi wa nkhani zazifupi akanaona zimenezi msanga kuposa katswiri wa matebulo.

Pali malo amodzi pamene ndikukangana ndi WHO yeniyeniyo. Pofuna kukopa nduna za zachuma, lipotili likuti dola imodzi yoikidwa pa kupewa ndi kuchiza matenda osapatsirana, mosasiya anthu a ulumali, ikhoza kubweza madola pafupifupi 10. Ndikumvetsa chifukwa chake; nduna imamva chinenero cha phindu. Komabe chiganizo chimenechi chimandizizira m'mimba. Nanga gogo amene sadzabweza kanthu? Nanga mwana amene thandizo lake lidzakhala lodula moyo wake wonse? Mutu wa lipoti ukunena za chilungamo, pamene tsamba ili likunena za malonda, ndipo ziwirizi zikayenda limodzi n'chilungamo chimene chimatsalira m'mbuyo.

Musandimve molakwa ngati ndikunyoza ntchito yonse ya akatswiriwa. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina kalumoko ndi funso lofunsidwa bwino. Onani kalembera wathu. Mu 2008 anapeza kuti anthu a ulumali anali pafupifupi 4 mwa 100 alionse. Mu 2018, mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, chiwerengero chinafika pa 10.4. Kodi Amalawi analumala chotere m'zaka khumi zokha? Ayi. Chimene chinasintha kwambiri ndi kafunsidwe. Ukafunsa kuti pakhomo pano pali wolumala, mwini khomo aganiza za manyazi n'kukana. Ukafunsa ngati wina amavutika kuona, kumva, kuyenda kapena kukumbukira, agogo amene akhala pakhonde alowa m'kaundula. Kalembera yemweyo wa 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636, ndipo popanda nambala yotere palibe amene angawerengere mabotolo a mafuta oteteza khungu ku dzuwa ofunika m'zipatala. Apa mawu osankhidwa bwino anachita ntchito imene ndakatulo zathu zambiri sizinachitepo. Ngakhale malamulo athu akuonetsa ulendo womwewu wa mawu: lamulo la 1971 limene linabala MACOHA, la 2012, ndi latsopano la 2024 limene lasintha bungwelo kukhala MACODA, n'kuchotsa m'dzina lake liwu lachingerezi lija limene eni ake ankadana nalo.

Chimene chimandivuta n'chakuti lipoti likatha, limabwerera kwa amene analipira, osati kwa amene anafunsidwa. Limatuluka m'Chingerezi, masamba ambirimbiri, n'kukhazikitsidwa ku hotelo. Mabungwe a eni nkhani monga FEDOMA, MANAD ya anthu osamva, MUB ya osaona ndi APAM ya achialubino amaitanidwa kudzavomereza zimene zalembedwa kale, pamene anayenera kukhalapo tsiku losankha mafunso, ndi kulandira nawo malipiro a ukatswiri m'malo mwa alawansi ya thiransipoti. Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma m'malipoti awa wamva m'mimba amadikira panja, chitseko akutsekula ndi wina amene wakhuta. Ndipo mayi wosamva uja, amene mawu ake ali m'kabokosi, sadzaona ngakhale kanema wa mphindi zisanu wa chinenero chamanja womuuza zimene zinapezeka.

Ndimalize ndi ife omasulira, chifukwa nafenso tili ndi mlandu wathu. Liwu lalikulu pa mutu wa lipotili ndi equity, ndipo kawirikawiri timalimasulira kuti kusakondera kapena kusasiyanitsa. Tamverani mmene zimamvekera pakhomo la chipatala. Mlonda kapena kalaliki akuuza munthu wa ndodo ziwiri kuti, "Kuno sitikondera, aliyense pamzere." M'Chichewa chake walankhula zoona, ndipo watsata ndendende zimene tinamulembera pa chikwangwani. Koma lipoti likufuna zosiyana ndi zimenezo. Likufuna kuti bedi la kuchipinda chochirira litsike kwa mayi amene sangakwere, kuti dokotala awonjezere mphindi khumi kwa wodwala amene amachedwa kumvetsa, kuti wosamva apeze womasulira amene si wachibale wake. Kumeneku n'kusiyanitsa ndithu, kusiyanitsa kwadala, monga mayi amaphikira phala mwana wodwala pamene ena onse akudya nsima, ndipo palibe amene amati mayiyo wakondera.

Ine ndakhala ndikuyesa kuti "kupatsa aliyense monga mwa kusowa kwake". N'kotalika, sikukwana bwino pa chikwangwani, ndipo liwu loti kusowa likhoza kumveka ngati tikunena za opemphetsa. Mnzathu wina anandiuza kuti "chilungamo pa umoyo" n'chokwanira, koma ine ndikuona kuti kalaliki uja adzanenabe kuti mzere ndiwo chilungamo. A m'gulu amene mumayendera ndodo, amene mumawerenga Braille, amene mumalankhula ndi manja, inu mumati chiyani mukamakamba nokhanokha? Anzathu a Chitumbuka ndi Chiyao, kwanuko liwuli munalipezera malo?