Kwa Burns asunga bedi, nanga mawu aja?

Mwezi wathawu ndinapita ku Alloway, kamudzi ka ku Scotland kufupi ndi tawuni ya Ayr, kukaona nyumba imene mlakatuli Robert Burns anabadwiramo pa 25 January 1759. Bambo ake, William Burnes, anaimanga okha ndi dothi n'kuifolera ndi udzu. Anthu mbali ino, ng'ombe mbali inayo, denga limodzi. Nditangolowa ndinaseka ndekha: mtunda wonsewu kudzaona nyumba yonga ya agogo anga kumudzi!

Koma kusekako sikunachedwe kutha. Nyumbayi ndi yoyera mbee, yosesedwa bwino, utsi mulibe, ndowe osamveka fungo. Umphawi aupaka laimu. Mlendo amatuluka akuti "kanyumba kokongola bwanji", pomwe Burns anakula akulima munda wobwereka, ndipo anamwalira mu 1796 ali ndi zaka 37, ngongole zikumusowetsa tulo.

Komanso iye anakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Pambuyo pake nyumbayi inakhala malo omwera mowa kwa zaka pafupifupi 100, mpaka 1881. Mlakatuli mnzake John Keats atafikako mu 1818 anachoka atakhumudwa.

Kwa ine, chimene chinaumba Burns si makomawa ayi. Ndi nyimbo zakale zimene amayi ake, Agnes, ankaimba. Ndi nthano za afiti ndi mizukwa za gogo wina wachibale, Betty Davidson. Ndakatulo yake ya Tam o' Shanter, yonena za munthu woledzera amene anapeza afiti akuvina m'tchalitchi chakale cha pomwepo pa Alloway, inaphukira m'nthano zoterezi. Ndipo anailemba m'Chiscots, chilankhulo chimene ophunzira ambiri a nthawiyo ankachiyesa cha anthu wamba.

Sindikunyoza ntchito ya a National Trust for Scotland. M'nyumba yatsopano yapafupi asungamo mapepala amene Burns analemba ndi dzanja lake, ndipo apo m'pamene ndinaima nthawi yaitali. Komabe bedi limasungika, mawu a nkhalamba yosimba nthano usiku sasungika m'kabati yagalasi.

Pobwerera m'basi manyazi anandigwira. Zaka zinayi ku yunivesite ndinkalemba ndakatulo m'Chingerezi chokhachokha, nthano za agogo anga osalembako ngakhale imodzi. Nyumba yawo idzagwa ndi mvula, palibe adzaipake laimu. Usiku womwewo ndinawaimbira foni. Anadabwa, kenako anati, "Yankha kaye kuti tilitonse."