Kuunika kafukufuku wa ku Ghana pa mtedza ndi likodzo

Mu 2013, Abena Amoah ndi anzake adafalitsa kafukufuku wa ana a sukulu ku Ghana. Ana oposa 17 pa 100 alionse adapezeka ndi asilikali a m'magazi otchedwa IgE olimbana ndi mtedza, koma osaposa awiri pa 100 ndiwo amene mtedza unkawavuta akadya. IgE yochulukayo inkapezeka kawirikawiri mwa ana a likodzo kuposa mwa ana opanda likodzo.

Apa ndi pamene kafukufukuyu ali wolimba. IgE imeneyi imagwira timashuga timene tili pa mazira a nyongolotsi za likodzo, ndipo timashuga tofanana nato tili pa mtedza. Makina oyezera amaiwerenga, koma siidzutsa bwino maselo a mast ndi a basophil, amene amatulutsa histamine woyambitsa kuyabwa, kutupa ndi kubanika. Ku Gabon, mu 2000, ofufuza adaonanso kuti ana a likodzo amapanga IL-10 wambiri, amene amaziziritsa maselo a chitetezo.

Chofooka chake n'chakuti ana adayezedwa kamodzi, ndipo za zizindikiro adangofunsa. Kudyetsa mwana mtedza moyang'aniridwa ndi dokotala ndiko kukadatsimikizira.

Ku Nambuma nkhaniyi si yachilendo: nsinjiro zili m'ndiwo tsiku lililonse, ndipo chiponde cha ana onyentchera n'cha mtedza. Mwana akachotsedwa pa chiponde chifukwa cha IgE yokha, ataya chakudya chomuchiritsa. Mlangizi wa zaumoyo afunse mayi ngati mwanayo adatupapo milomo kapena kubanika atadya mtedza. Ngati zidachitika, amutumize kuchipatala msanga.