Isaac Mtshali ndi Nchito ya Woimba Ng'oma

Pa msika wa Limbuli, kufupi ndi malire a Muloza m'boma la Mulanje, nyimbo sizileka kumveka m'masitolo ndi m'nyumba za tiyi. Wina atafunsa ana a sukulu a kumeneko kuti nyimbo yakutiyakuti anaimba ndani, iwo angatchule msanga dzina la mwini mau, kapena la mwini gitala. Koma atafunsanso kuti, "Nanga ng'oma anaimba ndani?" onse angangoti chete, angakhale kuti ng'omayo ndiyo imawagwedeza mapazi asanamve ndi liu limodzi lomwe. Chizolowezi chimenechi choiwala woimba ng'oma nchoipa, ndipo mphunzitsi wa chilankhulo ayenera kuchidziwa ndi kuchikonza. Moyo wa Bambo Isaac Mtshali, woimba ng'oma wa gulu la Stimela la ku South Africa, uonetsa bwino kukula kwa chimene chimaiwalikacho.

Poyamba nkofunika kumasulira dzina la kaimbidwe kao. Mau akuti jazi anachokera ku America, koma atafika kuno anatambasuka. Anyamata a ku Thyolo ndi ku Mulanje akasema banjo ndi kukunga ng'oma yoponda ndi phazi, gulu lao amalitcha jazi, monga linachitira gulu la Chimvu la Bambo Alan Namoko. Ku America kwenikweniko, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, oimba ena anayamba kusakaniza jazi ndi nyimbo za magitala amagetsi, ndipo kusakanizako anakutcha fusion. Bambo Tony Williams anayambitsa gulu la Lifetime mu 1969, Bambo Miles Davis anatulutsa chimbale cha Bitches Brew mu 1970, ndipo Bambo Billy Cobham anatulutsa Spectrum mu 1973. Mwa atatuwa awiri anali oimba ng'oma, pakuti posakaniza nyimbo za mitundu iwiri, amene amasenza katundu wolemera ndiye wa ng'oma. A Stimela anatenga njira yomweyo, koma iwo anasakaniza jazi ndi soul pamodzi ndi mbaqanga, kaimbidwe ka m'makomboni a ku Joni.

Mbiri ya a Mtshali siilekana ndi ya bwenzi lao, Bambo Raymond Chikapa Phiri, amene anabadwa mu 1947 kufupi ndi Nelspruit. Bambo amene analera a Phiri anali tchona la ku Nyasaland, mmodzi wa anthu ambiri-mbiri amene anapita kummwera kukafuna nchito, ndipo analinso wodziwa gitala. M'zaka za m'ma 1970 a Phiri ndi a Mtshali anali pamodzi m'gulu lotchedwa The Cannibals, limene linamveka kwambiri poimbira woimba wina wotchuka, Bambo Jacob Radebe, amene anthu ankamutcha Mpharanyana. Atamwalira woimbayo kumapeto kwa zaka zomwezo, gululo linapita ku Maputo, kumene zinthu zinalivuta kotero kuti linakhala miyezi itatu lopanda njira yobwerera. Anyamatawo anagulitsa katundu wao kuti apeze ndalama za sitima, ndipo atafika kwao anadzitcha Stimela, ndiko kunena sitima ya pamtunda. Dzinali si lachilendo kwa mabanja a kuno amene makolo ao anapita ku migodi ndi Wenela. Bambo Hugh Masekela nawonso anapeka nyimbo ya dzina lomweli mu 1974, yonena za sitima yonyamula anchito a m'migodi, ndipo Malawi ali pakati pa maiko amene anawatchula m'menemo.

M'gulu latsopanolo a Mtshali anakhala ndi Bambo Jabu Sibumbe pa besi ndi Bambo Lloyd Lelosa pa limba lamagetsi, ndipo pambuyo pake panabwera woimba wa mau okhuthala, Bambo Nana Coyote. Zimbale zao monga Fire, Passion, Ecstasy ndi Look, Listen and Decide zinagulidwa kwambiri. Nyimbo yao ya Whispers in the Deep inaletsedwa pa wailesi ya boma la tsankho, chifukwa inalimbikitsa anthu kulankhula zimene ankaopa kuzinena poyera.

Tsono kaimbidwe ka a Mtshali kanali kotani? Woimba ng'oma za chizungu amakhala pansi, nagwiritsa nchito ziwalo zinai nthawi imodzi. Phazi lamanja limaponda ng'oma yaikulu, lamanzere limatsegula ndi kutseka tizitsulo tiwiri tozungulira, ndipo manja, ali ndi timitengo, amamenya ng'oma yaing'ono yokhala ndi mawaya kunsi kwake pamodzi ndi zina zotsala. Munthu mmodzi amachita nchito imene pabwalo la kumudzi imagawidwa kwa anthu atatu kapena anai. Pabwalopo pamakhala mbalule, ng'oma yolankhula ndi wovina, imene imasintha-sintha monga mwa mapazi ake. Pamakhalanso zina monga mpanje, zimene nchito yao ndiyo kugwira mayendedwe a gule osagwedezeka. A Cobham anali munthu wa mbalule: ng'oma zao zinali zambiri, manja ao achangu chodabwitsa, ndipo womvera sangathe kuwaiwala. A Mtshali anasankha mbali inayo. Phazi lao limagunda molingana monga muchitira munsi mu mtondo, ng'oma yaing'ono imagwa pamalo pake peni-peni, ndipo zokometsera amaziika pang'ono, makamaka pamene ndime ya nyimbo ikutha ndi ina ikuyamba.

Wosazolowera angayese kuti kaimbidwe kotere nkosavuta, koma sikuli tero iai. Gitala ya a Phiri imakonda kudumpha-dumpha, kulowa mochedwa dala ndi kutsogola dala. Besi nayo imayenda njira yakeyake. Zonsezi zimakoma pokhapokha pali chinthu chimodzi chosasuntha chimene khutu lingayezerepo kudumphako. Ng'oma ikanatsata gitala m'masewera ake, nyimbo ikanapasuka, ndipo mbaqanga ndi jazi zikanalekana monga madzi ndi mafuta. Luso la a Mtshali linali kudziletsa, ndipo akuluakulu ananena kale kuti ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika.

Umboni woposa wa luso limeneli uli m'chimbale cha Graceland cha Bambo Paul Simon wa ku America, chimene chinatuluka mu 1986. A Simon anafika ku Johannesburg mu February 1985, ndipo njira imene anatsata njofunika kuilingalira. Iwo sanabwere ndi nyimbo zolemba kale. Anayamba ajambula oimba a kumeneko akuimba ng'oma, besi ndi magitala, ndipo mau a Chingerezi anawapeka pambuyo pake, nawalumikiza ndi kugunda kumene kunalipo kale. Nchito inatsirizidwa ku New York, kumene a Phiri, a Mtshali ndi Bambo Bakithi Kumalo wa besi anaitanidwa. Ng'oma za a Mtshali zimamveka mu You Can Call Me Al, Diamonds on the Soles of Her Shoes ndi Under African Skies. Mu yoyambayo mau a woimba ndi ochuluka, othamanga ngati a munthu wocheza, ndipo akanakhala opanda pogwira ikanapanda ng'oma yolimba pansi pao. Mu yachitatuyo dzanja lomwelo limafewa, nilisiyira malo mau a anthu awiri oimba pamodzi. Woimba ng'oma wabwino amadziwika pamenepa, kuti amamva chimene nyimbo iri yonse ifuna.

Komabe si bwino kuyamika kokha. Kudziletsa kuli ndi mtengo wake, pakuti m'nyimbo zina zazitali za Stimela kugunda kumakhala kumodzi-modzi kwa nthawi yaitali, kotero kuti munthu wokulira pabwalo la tchopa, wozolowera ng'oma zoyankhana, angamve ngati mukusowa kanthu. Ndiponso ojambula nyimbo a m'zaka za m'ma 1980 anakonda kuumitsa kulira kwa ng'oma ndi makina ao, mpaka dzanja la munthu linamveka ngati chitsulo. Cholakwa chachiwirichi nchanyengo imeneyo, osati cha a Mtshali okha, koma womvera wachilungamo sangachibise.

Chimbale cha Graceland chinalandira mphoto ya Grammy mu 1987, ndiponso chinautsa mkangano waukulu, chifukwa bungwe la United Nations linali litapempha oimba a maiko onse kuti asamagwire nchito ku South Africa pa nthawi ya tsankho. Ena anati a Simon anaswa pangano. Ena anati anatsegulira oimba akuda khomo la dziko lonse lapansi. Mu February 1987 gululo linaimba pa bwalo la Rufaro ku Harare pamodzi ndi Mai Miriam Makeba, a Masekela ndi gulu la Ladysmith Black Mambazo. Pa mkangano wonsewo maina amene anamveka anali a anthu oimirira kutsogolo. Dzina la munthu wokhala kumbuyo, amene kugunda kwake kunali maziko a nyimbozo, linalembedwa m'malemba ang'ono-ang'ono pachikuto. A Mtshali anapitiriza nchito yao m'gulu la Stimela, namwalira mu 2013. A Coyote anali atatsogola mu 2010, ndipo a Phiri anatsatira mu 2017.

Nkhani imeneyi ikhudza mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya chilankhulo. Njira ya a Simon, yoyamba ndi ng'oma ndi kutsiriza ndi mau, inaoneka yachilendo ku America, koma kumidzi ya kuno ndiyo njira yakale. Wopeka nyimbo ya gule amadziwa kulira kwa ng'oma za guleyo asanasankhe mau, ndipo amafupikitsa kapena kutalikitsa maphatikizo kuti agwe pamene dzanja likugwa. M'Chichewa phatikizo lotsatana ndi lomaliza limatalika pa mapeto a chiganizo, ndipo mwana amamva msanga zimenezi akaomba m'manja kusiyana ndi pamene angoziwerenga pa bolodi. Chifukwa chake mphunzitsi pophunzitsa nyimbo kapena ndakatulo angachite bwino kuyamba ndi kugunda: ana ena aombe m'manja molingana osasintha, ena anene mau pamwamba pake, ndipo pambuyo pake asinthane. Adzaona yekha kuti mbali yovuta ndiyo ya osasinthawo, ndipo mwana amene angaigwire mpaka nyimbo kutha ayenera kuyamikidwa pamaso pa anzake monga ayamikidwira wa mau okoma.

Njira yachiwiri ndi ya kusunga mbiri. Gule wa tchopa wa Alhomwe, amene amavinidwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, analembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2014 pakati pa miyambo yofunika ya anthu a dziko lapansi. Koma mwambo umasungidwa m'manja mwa anthu okhala ndi maina, ndipo anthuwo amakalamba ndi kumwalira. Ophunzira uphunzitsi akatumidwa kumidzi yozungulira Limbuli kukalemba nyimbo za makolo, kawiri-kawiri amabwera ndi mau a nyimbo okha, ndi dzina la wotsogolera. Ayenera kulembanso dzina la yense woimba ng'oma, dzina la ng'oma yake, amene anamphunzitsa, ndi mau a pakamwa amene amatchula pophunzitsa ana kulira kwa ng'omayo, pakuti mau amenewo nawonso ndi chuma cha chilankhulo. Ngati dzina la a Mtshali, amene anamveka ku New York ndi ku Harare, lingasowe m'kamwa mwa anthu okonda nyimbo zao, la nkhalamba yoimba mpanje pamudzi lidzasowa msanga koposa, pokhapo mphunzitsi atalilemba m'buku lake.